Kamakina Kopanda Fani Si Thadzi

Mayfair, Joni
12 Julaye 2023

Okondedwa achimwene a Rafaelo,

Moyo uli bwanji kumeneko ndi kuzizira kwa Bembeke? Mayi miyendo ikuwalola kufika kutchalitchi? Alamu anga a Anjelina ndi ana adzuka bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikupita kuntchito. Mtima wokha ndiwo suli bwino, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Ndalemba kalata chifukwa foni mukundidulira. Lamlungu lija munandidula ndili pakati pa mawu, ndipo kuyambira pamenepo ndikaimba imangolira mpaka kutopa yokha. Pepala lilibe batani lofiira. Ndapatsira a Gibson, aja amayenda ndi katundu wa anthu pa basi, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu, asasiyire mwana kapena wa pagolosale. Muiwerenge mpaka kumapeto, mukatero mukhoza kukolezera moto.

Za kuno ndi zochepa. Kukuzizira koopsa, moti Lolemba kunagwa tinthu toyera ngati ufa kuchokera kumwamba, anthu n'kutuluka m'mashopu kukajambulitsa. Ine ndinangoti awa sanagonepo ku Bembeke mu Juni. Magetsi akuzimazima tsiku ndi tsiku, ndiye kushopu kwathu makompyuta opsa akubwera ambiri, ntchito sikusowa. Ndikadali m'chipinda chomwe chija, koma mnzanga amene ndinkakhala naye anakwatiwa, panopa ndatsala ndi mphemvu. Nkhani za kuno zathera pomwepa. Tsopano tikambe zanu.

Ndiyambe ndi kukukumbutsani kuti kamakina kaja n'chiyani, poti zikuoneka kuti pa Khirisimasi ndimalankhula ndi khoma. Ndi kompyuta yathunthu, kungoti ilibe sikirini. Ndinakamanga ndekha ndikaweruka kuntchito. Bolodi lake, chimbale chobiriwira chija chokhala ndi ziwalo zonse, ndi la mtundu wotchipa umene umabwera purosesa atamatiratu kufakitale. Purosesa ndiye ubongo wake. Ya m'kamakina kameneka ndi yaing'ono, siithamanga ngati za m'maofesi, koma pa ntchito ya pakhomo pathu imakwana: kusunga zithunzi ndi nyimbo, kupereka waifai m'nyumba kuti ana aziwerenga mabuku a sukulu pa foni popanda bandulo, ndi kulandira zimene zadzadza m'mafoni anu. Magetsi kamadya ngati babu limodzi, n'chifukwa chake kasola kathu kaja kamakwanitsa.

Fani sindinaiwale ayi. Ndinachita kuikana. Kuno ndimatsegula makompyuta tsiku lililonse, ndipo ambiri amafa ndi fani yomweyo. Imakoka fumbi, tsitsi, nthenga, mpaka m'kati mumachita ngati chisa cha mbewa, kenaka imaima. Ndiye ganizirani kwathu, fumbi la Okutobala, utsi wa nkhuni zaziwisi, mwaye wa kudenga. Kompyuta ya fani sikanafika Pasaka. M'malo mwa fani, pamwamba pa kamakina pali chitsulo cha mano ngati chipeso. Kutentha kumakwera m'mano amenewo, mphepo n'kukuchotsa. Mulibe chozungulira choti chingathe, ndipo sikasokosa. Chimene kamafuna n'chimodzi basi, mpweya.

Ndinakaika pa thabwa lija la pansi pa chithunzi cha Mtima Woyera, ndipo ndinanena pamaso pa nonse kuti kasaphimbidwe ndi chilichonse. Ndinanena makamaka chifukwa cha mayi, poti mukuwadziwa, chinthu chikalowa chatsopano m'nyumba chimadzuka chitavala kansalu koluka, kaya wailesi, kaya botolo la shuga. Mayi anamva. Ana anamva. Bambo anatsamiritsa khutu pakamakina, n'kunena kuti ndabweretsa mlendo waulesi, wosapuma n'komwe, ndiponso wosafuna bulangete ku Dedza. Nditawaikira nyimbo ya kwaya imene anayambitsa ali mnyamata, anasiya kuseka, anavula chipewa. Tsiku limenelo munalipo, ndinu amene munagwira waya tikulumikiza kubatire. Amene sanamve m'nyumba monse ndi inu, munthu wa ndevu.

A Anjelina andiuza zonse, ndipo musawakalipire, ndinachita kuwapanikiza mpaka analira. Akuti mu Juni munagula anapiye achizungu pa Boma, ena n'kufa ndi chisanu sabata yoyamba. Akuti tsiku lina mukufunafuna machesi pathabwa munakhudza kamakina, n'kumva kuti n'kofunda, nkhope yanu n'kuwala. Munawonjezera waya, kamakina munakatsitsira m'dengu, pansi gaga, anapiye pamwamba pake, ndiye n'kuvundikira ndi thumba la feteleza ndi bulangete la bambo. Sizinathere pamenepo. Akuti munaitana anzanu a kudimba kuti adzaone, mukunyadira kuti mlongo wanu anakubweretserani thadzi lamagetsi kuchokera ku Joni.

Thadzi lamagetsi! Achimwene, ndinaseka nditamva, koma kuseka kwake kunali kopweteka m'nthiti. Ndikuvomera kuti nzeru zinalipo. Makala akwera mtengo, nkhuni kunkhalango amalanda, ndipo anapiye otsalawo akuti onse anapulumuka, akuyendayenda ndi nthenga zawo. Zikomo kwambiri, muwapatse moni. Koma botolo la madzi otentha lokulunga m'sokosi yakale likanagwira ntchito yomweyo, ndi mmene bambo ankachitira ndipo munkawaona. Inu munasankha chinthu chimodzi chokha chimene ndinapempha kuti chisavundikiridwe, ndipo munachivundikira ndi zinthu ziwiri.

Chimene chinachitika n'chosadabwitsa. Zitosi ndi gaga zinadzadza m'mano a chitsulo muja, bulangete linatseka mpweya, kamakina kanatentha mpaka kanazima. Kanazima kokha podziteteza, ndi mmene anakapangira. Mukanandiimbira tsiku lomwelo ndikanakuuzani kuti mukachotse m'dengu, mukapukute ndi mswachi wouma, mukasiye pamphepo, mawa lake muyatse. Mwina kakanayaka. Ngakhale bolodi litapsa, limenelo si tsoka, n'lotchipa, ndikhoza kubwera ndi lina m'chikwama cha m'manja. Koma munachita manyazi kundiuza za anapiye, ndiye munakakulunga m'chitenje cha alamu, kumangirira panjinga, ulendo wa pa Boma kwa a Alufeo.

Kwa a Alufeo! Pa anthu onse a m'Dedza monse! Munthu ameneyu ndinaphunzira naye ku pulayimale, ndipo kabenchi kake ka pakhonde kuseri kwa msika ndikukadziwa. Mawailesi amatha, sindikana. Koma chinthu chilichonse chokhala ndi memori, mankhwala ake kwa iye ndi amodzi, kufulasha. Foni ikakana kulira, kufulasha. Ikamachedwa kutchaja, kufulasha. Mwaiwala foni ya mayi ija? Chinavuta chinali kasipika chabe, koma inabwerako ilibe nambala ngakhale imodzi, yanga yomwe anachita kukaipempha kwa akatekisiti. Ngati simukudziwa, kufulasha n'kusesa zonse zili m'kati, chinthu n'kutsala pululu ngati nkhokwe ya mu Febuluwale.

Ndamva zimene anakuuzani atakatsegula. Akuti anaseka n'kuitana anzake a pakhonde kuti adzaone kompyuta yopanda fani. Akuti ananena kuti ku Joni anandipusitsa ndi chinthu chotola kudzala, apo ayi fani ndinachotsa ndekha n'kugulitsa, ndipo purosesa yomatirira ndi ya zidole za ana. Akuti aboola chivundikiro, aikamo fani yakale imene akuidikira kuchokera ku Lilongwe, akatero afulasha kuti kayambe bwino. Inu munagwedeza mutu n'kukasiya pamenepo. Ndipo Lamlungu pa foni munandibwerezera mawu akewo ngati Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Alufeo woyera.

Chimene chandiwawa kwambiri si anapiye. N'chakuti munthu wa pakhonde atanena pagulu kuti mlongo wanu ndi wakuba fani, inu simunamutsutse. Munakhulupirira iye chifukwa ndi mwamuna ndipo ali ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya. Ine ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa m'dziko la eni, ndipo azungu ndi amwenye a kuno amandisiyira makompyuta awo osafunsa kuti mwamuna wa pano ali kuti. Munanenanso kuti ndikatumiza kanthu ndimafuna kulamulira pakhomo ndili kutali. Pakhomo ndi panu, Angozo. Dimba ndi lanu, kachewere ndi wanu, sindinakufunseni n'kamodzi komwe kuti mwagulitsa bwanji. Ine ndikulimbana ndi kanthu kamodzi kolowa m'jumbo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake, poti Lamlungu munadula ndisanafikepo.

Zimene ndinaikamo pa Khirisimasi ndili nazo kuno. Nyimbo za kwaya zimene bambo ankatsogolera, zija ndinazichotsa m'makaseti asanathe ndi nkhungu, zithunzi za ukwati wanu, mabuku a ana, zonsezo a Alufeo atasesa ndikhoza kubwezeretsa. Koma zimene zinalowamo ine nditachoka zilibe kwina. Foni ya alamu ndi ya memori yochepa, ndiye ndinawaphunzitsa kuti ikadzadza azikhuthulira m'kamakina n'kufufuta m'foni. Anachita momwemo nthawi yonse imene bambo ankadwala. Muli bambo atakhala padzuwa ndi chipewa chawo chaubweya. Muli bambo ali chigonere akuphunzitsa mwana wanu Tikondwe nyimbo ya ngoma, mawu akuthera pakhosi. Ndipo muli mawu amene anandisiyira ine.

Inu munali kudimba tsiku limenelo, mwina simukudziwa n'komwe. Inali sabata yawo yomaliza. Anafuna kulankhula nane, netiweki inakana ndi mvula ija ya Malichi, ndiye alamu anawauza kuti angolankhula, foni isunga, ine ndidzamva. Musaganize kuti muli za minda kapena za ng'ombe, ndinafunsa kale, mulibe. A Anjelina akuti analankhula za kuzizira kwa ku Joni kumene ankangokumva, kuti ndizivala juzi, kuti ndisamadye buledi yekhayekha, ndipo anandinena kuti ndine wamakani ngati mayi awo, n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndi zomwezo basi. Koma ndi zanga, ndipo sindinazimve.

Mukudziwa mmene ndinafikira pamaliro. Basi inagona pamsewu ku Mozambiki madzi atadula njira, ndipo pamene ndimatsika kabaza pakhomo anthu anali akusamba m'manja pochokera kumanda. Nkhope ya bambo sindinaione. Munati thupi silikanadikira ndipo ansembe anali ndi maliro ena, ndinamva, sindinakusungireni kanthu kukhosi. Alamu atandinong'oneza za mawu aja ndinathamangira pathabwa, n'kupeza kamakina kali zii. Batire munali mutalimaliza ndi mababu a pasiwa ndi sipika ya kwaya, linafera pomwepo. Apanso ndinakukhululukirani, maliro ndi maliro. Ndinabwerera kuno chimanjamanja.

Batire lina litagulidwa mu Meyi, alamu anafuna kunditumizira mawuwo pa foni, ine ndinakana. Mukhoza kunena kuti pamenepo ndinapusa, nenani. Sindinafune kumva bambo anga komaliza m'kachipinda kano ndili ndekha, kunja matakisi akuliza mahutala. Ndinafuna kudzawamva mu Disembala, kwathu, nditakhala pamphasa pafupi ndi mayi, chitseko chili chotseka. Ndinkadziwa kuti ali pabwino, m'chinthu chimene ndinamanga ndekha kuti chipirire za kwathu. Fumbi ndinaliganizira, utsi ndinauganizira, mphenzi yomwe ndinaiganizira. Anapiye okha ndiwo sindinawaganizire.

Nanga mayi mwawauza chiyani? Alamu akuti masana aliwonse ankakhala pabalaza akusankha nyemba, kamakina kakuwaimbira nyimbo za kwaya pa kasipika kawo, ndipo pofika pamene bambo amayambitsa okha ankasiya nyemba n'kumvetsera. Tsopano akuti amangoyang'ana pathabwa, ndipo inu munawauza kuti kamakina kapita kuchipatala, kabwerako kali bwino kuposa kale. Achimwene, mawu amenewo mayi anawamvapo kale chaka chomwe chino, tsiku limene munkakweza bambo pagalimoto. Simunapeze ena owauza?

Musaone ngati ndaiwala zimene munachita. Ndinu amene munkanyamula bambo kupita nawo kubafa, ndinu amene munagona pansi kuchipatala ine ndili kuno ndikungotumiza mauthenga. Zimenezo sindidzatha kukubwezerani. N'chifukwa chake zikundipsetsa mtima koposa, kuti munthu amene anasamala bambo chotero atenge zotsala zawo n'kukazisiya pabenchi ya pamsika, pakati pa mawailesi akufa, chifukwa choopa kuti mlongo wake amuseka za nkhuku. Ndakusekani kale, zatha. Tsopano kulibenso choopa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo likungofuna miyendo yanu. Tsiku limene a Gibson akupatseni kalatayi, osati mawa lake, osati tsiku la msika, kwerani njinga mupite kwa a Alufeo mukatenge kamakina mmene kaliri, ndi zitosi zake zomwe. Asaboole, asafulashe, asakalumikize ku kompyuta yake ngakhale atati akungofuna kuona. Musanachoke pabenchipo muonetsetse kuti disiki ilimo, poti zonse zimasungidwa mmenemo. Ndi kanthu kakuda kopyapyala, kukula ngati chikhatho cha mwana, kali m'mbali mwa bolodi, ndipo pamwamba pake ndinalembapo dzina langa ndi penti yofiira ya m'zikhadabo. Akavuta kuti anataya nthawi potsegula, mupatseni nkhuku imodzi mwa zanuzo, poti zinafungatiridwa ndi kamakina komweko.

Mukafika nako kunyumba musayese kukayatsa, musakatsuke ndi madzi, ndipo musafunsenso nzeru kwa wina aliyense wa sikuludiraiva. Mukapereke kwa mayi akasunge m'sutikesi ija muli zovala za bambo. Mmenemo mukhoza kukavundikira mmene mungafunire, kozima sikatentha. M'envulopu muno ndaikamo kamemori kadi ka nyimbo za kwaya, mukalowetse m'kasipika ka mayi kuti pabalaza pasakhale zii mpaka Disembala.

Mukapeza atafulasha kale, disikiyo muitengebe, ndipo musandibisire. Ndidzayesa zimene ndimadziwa, nthawi zina zosesedwa zimatoleka ngati sanalembepo zina pamwamba. Koma sindikulonjeza, ndipo sindikudziwa kuti ndikabwera ndidzakuyang'anani bwanji kumaso.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti juzi ndikuvala. Moni kwa alamu a Anjelina, muwathokoze m'malo mowakalipira, chifukwa popanda iwo ndikanadzazindikira mu Disembala. Moni kwa ana athu Tikondwe ndi Mandla, mabuku awo a m'kamakina abwerera, asasangalale msanga. Moni kwa azakhali ku Chongoni, kwa atsibweni ndi akazi awo, ndi kwa a mphakati wathu onse amene anachezera nafe pamaliro. Inunso moni, Angozo, ngakhale mwandidwalitsa mutu.

Chatsala n'chimodzi chimene alamu anandiuza, chimene sindinafune kulemba. Akuti bambo sanamvetse kuti foni ikungosunga mawu, ankayesa kuti ndili kumapeto kwina ndikumvetsera. Ndiye akuti anayamba ndi kukonza pakhosi, n'kufunsa ngati ine Nangozo ndikuwamva, kenaka anakhala chete kudikira yankho. Anafunsanso kachiwiri, n'kudikiranso, mpaka alamu anawakodola kuti apitirize. Funso limenelo lakhala likundidikira kuyambira Malichi, ndipo lero lili pabenchi ya a Alufeo. Pitani mukalitenge, achimwene, kuti ndidzawayankhe.

Ndine mlongo wanu,
Falesi Nangozo